Timabokosi Tinayi pa Chinsalu cha Chiliza

Abusa ndi amayi abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo ndi achinyamata, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya! Ndati aleluya, kumbuyoko sindinamve. Eya, tsopano ndamva. Monire mose. Chitumbuka changa chathera pomwepo, mundikhululukire, zotsalazi ndilankhula m'Chichewa kuti ndisaphonye mawu.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ndaima pano chifukwa ndikakhala chete ndikhala ngati ndikubisa ntchito ya Mulungu.

Kwa amene simundidziwa, kuno munandipatsa dzina loti NyaMwale. Kwathu ndi kumalire a Kasungu, ndinabwera kuno ku boma chifukwa cha banja. Ntchito yanga ndi yokonza zojambula pa kompyuta. Zinsalu zikuluzikulu zimene mumaziona zitapachikidwa pa ukwati, pa sitolo, pa msonkhano, zija ena amati mabana, zisanafike ku makina zimayamba zadutsa m'manja mwa munthu ngati ine. Ine makina ndilibe. Makina osindikizira zinsaluzo ali ku Mzuzu. Changa ndi kukonza fayilo, kuiika pa fulashi, ipite.

Mundilole ndifotokoze pang'ono za ntchitoyi, chifukwa mukapanda kumva apa, umboni wonse simuumva. Achimwene pawindopo musasinze. Chinthu chooneka bwino pa foni, mukachikulitsa mamita atatu chimakuyalutsani. Chithunzi chotumizirana pa foni chimasweka, nkhope ya munthu imakhala ngati yomangidwa ndi njerwa. N'chifukwa chake ndimapempha chithunzi chenichenicho, ndichisikane ndekha, chilowe mu kompyuta. Mtundu wa pa kompyuta si mtundu wa inki, ukapanda kusamala diresi lofiira limatuluka ngati katondo. M'mphepete umasiya malo opindira ndi oboola timabowo ta zingwe kuti mawu asadyeke. Ndipo chomaliza, chimene ine sindiiwala ngakhale ndidwale malungo, ndi kuumitsa zilembo.

Mvetserani apa. Pali fayilo yotsegula, pali fayilo yotseka. Yotsegula ndi yanga, imatsala mu kompyuta yanga, mawu ake ndimatha kuwasintha. Ndikamaliza ntchito ndimaumitsa zilembo zonse kuti zikhale ngati chojambula, munthu asathe kufufuta kapena kulembapo. Imeneyo ndiye yotseka, imeneyo ndiye imapita ku makina. Chifukwa chake n'chakuti mtundu wa zilembo umene uli mu kompyuta yanga, kompyuta ya ku Mzuzu mwina ilibe. Ukaipatsa fayilo yotsegula imangotola zilembo zake n'kuikapo mmene yafunira.

Tsopano ndinali ndi mnzanga. Dzina sinditchula, sindinabwere kudzaimba munthu mlandu. Koma abale, ameneyo anali mnzanga. Nditangofika kuno, sindikudziwa ngakhale kugula tomato m'Chitumbuka, ndi iye anandigwira dzanja. Mwana wanga woyamba atabadwa, ndi iye anagona pansi kuchipatala kundidikirira. Tinkadya m'mbale imodzi. Tinapeza chipinda chimodzi pafupi ndi msika, iye mbali iyi akupanga fotokope, ine mbali iyo ndi kompyuta yanga. Nambala yotsegulira kompyutayo ankaidziwa, ndinamuuza ndekha, poti ndinkati ndikadzadwala ntchito isadzaime. Iye ndi amene anandiphunzitsa kuti m'Chitumbuka muli w wovala kachipewa pamwamba, uja timalemba pa ŵana, pa ŵanthu. Ankandiseka kuti, “NyaMwale, ukamuvula chipewa ameneyu ŵanthu ŵakusekenge.” Ine ndinasunga mawuwo.

Popeza ine ndinali ndi ana aang'ono, ulendo wa ku Mzuzu ankayenda ndi iye. Ndimupatse fulashi, akwere minibasi, akasindikizitse, abwere ndi chinsalu chokulungakulunga, akapereke kwa eni ake. Zambiri zinkapita kumidzi, ku Euthini, ku Edingeni, ine osaziona n'komwe zitatuluka. Ndinkangomva iye akuti, “Chatuluka bwino chomene, anthu akondwa.” Ine mtima phee. Pansi pa chinsalu chilichonse, pakona, ndinkalemba timawu ting'onoting'ono, dzina langa ndi nambala yanga. Mmisiri aliyense amatero, ndi mmene anthu ena amakupezera.

Koma chinkandidabwitsa n'chakuti foni yanga inangoti zii. Zaka ziwiri ndikugwira ntchito yoti ine mwini ndikuona kuti ndi yabwino, koma palibe woimba kuti taona chinsalu chanu. Anthu akalowa m'chipinda muja ankafunsa mnzanga, ine kundidutsa ngati mpando. Nditamufunsa anati, “Iwe, anthu akumudzi amamasuka ndi munthu wa chiyankhulo chawo, usadandaule, ntchito ndi yathu tonse.” Ine ndinakhulupirira. Ndinafika posala kudya, kupempha Mulungu kuti andichotsere tsoka. Ndipo mukudziwa amene ankasala nane? Yemweyo.

Mwezi wa chisanu ndi chitatu kunabwera banja la ku Engutwini. Mkulu wawo ndi a Nyirenda, bambo a imvi, oyankhula pang'onopang'ono. Ankakonza mwambo wovundukula chiliza cha mayi awo, ndipo ankafuna chinsalu chachikulu choti chikapachikidwe pamudzi, anthu akamafika aziona nkhope ya gogoyo. Anabweretsa chithunzi chimodzi chokha chimene anali nacho, chakale, chothimbirira, chopindika pakona. Ndinakhala nacho masiku atatu. Ndinachotsa madontho, ndinakonza diso limene linafufutika, mpaka gogo uja anayamba kumwetulira pa kompyuta ngati alankhula. Pansi pake ndinalemba mawu amene a Nyirenda anandilembera papepala: “Ŵana ŵinu na ŵazukulu ŵinu tikumukumbukani.” Ana anu ndi adzukulu anu tikukukumbukirani. Werengani nane, ŵana, ŵinu, ŵazukulu, ŵinu. Zipewa zinayi. Ndinaziika zonse, ndinaumitsa zilembo, ndinatseka fayilo, ndinamupatsa mnzanga Lachitatu m'mawa. Mwambo unali Loweruka.

Lachinayi mnzanga sanabwere ku ntchito. Anatuma uthenga kuti chinsalu wapereka kale kwa eni ake kudepoti, ndipo mutu ukumupweteka. Ine mpaka ndinamuyankha kuti amwe madzi ambiri.

Dzuwa lili paliwombo ndinangomva phokoso panja. Ndikutuluka, ndikupeza a Nyirenda, azichemwali awo awiri, ndi abale ena. Bambo oyankhula pang'onopang'ono aja tsiku limenelo mawu awo ankamveka mpaka kwa ogulitsa nyama. Anatambasula chinsalucho pansi, pafumbi, pakhomo panga. Anthu a mumsika anasiya malonda kubwera kudzaona.

Abale, nkhope ya gogo inali bwinobwino. Koma mawu aja. Paliponse pamene panayenera kukhala w wa chipewa, panali kabokosi. Kabokosi koima, kopanda kanthu m'kati. Kabokosi kutsogolo kwa ana. Kabokosi kutsogolo kwa adzukulu. Timabokosi tinayi, pa chinsalu cha kumanda.

A Nyirenda analoza ndi ndodo yawo. “Mabokosi agha nga njani?” Mabokosiwa ndi a ndani? Anafunsa kachiwiri m'Chichewa kuti ndimve bwino. “Mayi, ife tinaika m'manda munthu mmodzi. Inu mwatikonzera mabokosi anayi. Tiuzeni, ana anayi amene mwasankhawo ndi ati?” Mmodzi wa azichemwali awo anayamba kulira mokuwa, akutchula maina a ana ake mmodzimmodzi. Ndipo m'gulu muja munthu wina anatulutsa liwu lija. Mukulidziwa. Sindikufuna kulibwereza m'nyumba ya Mulungu, koma ndilinena kamodzi kuti mumve kulemera kwake. Anati mfiti.

Ndikudziwa bwino kuti kompyuta ikakumana ndi chilembo chimene sichikudziwa imaika kabokosi m'malo mwake. Ndi zimenezo basi, mulibe mankhwala, mulibe tsoka. Koma munthu amene akulira ana ake ungamuuze za kompyuta? Ndinati, “Adada, chonde, muitaneni mnzanga amene anapita nacho, afotokoze.” Apo ndi pamene mpeni unalowa. Mchemwali wina uja anati, “Tamuimbira kale. Akuti iye amangonyamula. Akuti nayenso amakuopani, muli ndi zanu, ndipo masiku atatu onse munali kulankhula ndi chithunzi cha amama.”

Abale anga. Abale anga. Inde ndinkalankhula nacho chithunzicho. Ndinkati, “Gogo, dikirani ndikukonzeni diso.” Mnzanga uja ali pomwepo, akuseka nane. Nthabwala yathu ija anaitenga n'kukaipereka kwa anthu olira ngati umboni woti ndine wa usiku. Ine mlendo kuno, ndilibe malume, ndilibe mlongo woti aime pakhomo panga. Iye ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Kunena zoona, timabokosi tija sitinandipweteke ngati mawu amenewo.

Koma tamverani zimene Mulungu anachita. Aleluya! Ndinagwada pansi, osati kupemphera, miyendo inangofooka. Nditagwada choncho maso anga anagwera m'munsi mwa chinsalu. Mbali zitatu zinali zopinda bwinobwino, ndi timabowo take ta zingwe. Mbali ya m'munsi inali yodula ndi lumo, yokhotakhota, popanda mpindiro. Kona ija pamene pamakhala dzina la mmisiri panalibe. Ndinadzifunsa kuti, ngati munthu akufuna kundiponyera mlandu, adula bwanji dzina langa? Bwenzi atalisiya kuti aliyense aone. Ndiye kuti dzina limene linadulidwalo silinali langa.

Ndinaimirira. Mphamvu sindikudziwa kumene inachokera. Ndinati, “Adada, lowani muone.” Ndinawatsegulira fayilo yotseka imene ndinapereka, zipewa zinayi zili mbee. A Nyirenda anapukusa mutu, anati za mu kompyuta munthu amasintha nthawi iliyonse. Sindinawatsutse. Ndinatenga foni, ndinaimbira bambo amene amayendetsa makina ku Mzuzu, munthu woti sindinakumanepo naye, ndinakweza mawu a foni kuti onse amve. Ndinangofunsa kuti, chinsalu cha gogo wa ku Engutwini chinayenda bwanji dzulo?

Bambo uja sanadziwe kuti pali gulu. Anayankha mosabisa. Anati, “Aa, mayi aja ndinawauza kalekale kuti tsiku lina zidzawavuta. Nthawi zonse amabwera ndi mafayilo awiri, yotseka amaisiya, amatsegula inayo pa kompyuta yathu kuti asinthe dzina la pansi aike lawo. Masiku ena zilembo zimangosintha maonekedwe, anthu sazindikira. Dzulo munali chilembo choti ife tilibe. Anaona chitatuluka kale, anapempha lumo.” Ndinafunsa kuti, nthawi zonse? Anati, “Chiyambire. Kodi si iwo amajambula? Ife timadziwa kuti ndi ntchito yawo.”

Ine ndinakhala pampando. Zaka ziwiri, abale. Ine ndikapita kusikelo ndi mwana, iye ankatsegula kompyuta yanga ndi nambala imene ndinamupatsa ndi dzanja langa, n'kukopera fayilo yotsegula. Ntchito ikakoma, dzina lake. Tsiku limodzi lokha limene yaipa, dzina langa, ndi ufiti pamwamba. Ndinkasala kudya kuti Mulungu andionetse chimene chatseka njira yanga, chonsecho chikukhala nane chipinda chimodzi, chikundibwereka ndi mpango.

A Nyirenda anavula chipewa chawo. Kenaka anati, “Mama, ndapota. Mbwenu tichite uli, titani tsopano? Mwambo ndi mkuja.” Ndinati musadandaule, gogo salandira alendo ndi chinsalu chimenechi. Lachisanu m'mawa ndinabereka mwana wamng'ono kumbuyo, ndinakwera minibasi ndekha, fulashi ndinaimanga pakona ya chitenje. Ndinaima pambali pa makina mpaka chinsalu chonse chinatuluka. Ndinawerenga zipewa ndi chala, chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Loweruka chinapachikidwa ku Engutwini, ndipo a Nyirenda anandiimiritsa pamaso pa mudzi wonse, nati, “Uyu ndiye watiwezgera amama ŵithu,” kutanthauza kuti uyu ndiye watibwezera mayi athu. Lolemba anabweranso kuno ku boma, anaima pamalo pomwe anatambasula chinsalu chija, nati, “Mawu ndinawanenera pano, ndiwabwezera pano. Mayi awa alibe mlandu.” Mulungu awadalitse bambo amenewo, si onse amatha kutero.

Sabata yotsatira ndinachita chinthu chimene mwamuna wanga anandiletsa. Ndinakwera galimoto kupita ku Euthini tsiku la msika, ndikufuna kuona ndi maso anga. Ndinachipeza chinsalu cha sitolo ya mbewu chimene ndinakonza chaka chatha. Chimanga chake ndinachijambula ine, tsamba ndi tsamba. Pakona, dzina la mnzanga. Ndinapeza china pa malo ometera, china pa sukulu ya mkaka. Zonse zanga, zonse dzina lake. Mwini sitolo anandiona ndikuyang'anitsitsa, anati, “Mwachikonda? Ndikupatseni nambala ya mayi amene amajambula, ndi aluso chomene.” Ndinati yewo, ndinalandira nambala ya mnzanga ngati sindikuidziwa. Ndinalira m'galimoto njira yonse yobwerera.

Mukufuna kudziwa ngati anabwera kudzapepesa. Anabwera, koma osati kudzapepesa. Makina ake a fotokope anatumiza anthu kudzatenga ine kulibe. Patapita masabata atatu ndinangomuona waima pakhomo. Ndinati mwina lero. Ndinamukonzera ndi mpando. Iye anayang'ana pansi, nati, “NyaMwale, pali anthu andipatsa ntchito ya chinsalu cha ukwati, akudziwa kuti ndimajambula. Ungondionetsa mmene umakonzera, kamodzi kokha, tisachite manyazi.” Tisachite. Ife. Ndinamuyang'ana, ndikudikira liwu limodzi loti pepa. Silinabwere.

Abusa, pano ndi paguwa, sindinama. Sindinamuonetse. Ndinamuuza kuti anthuwo akawauze zoona, akawauza adzabwere tidzakhale pansi. Mpaka lero sanabwere. Ndipo sindinganene kuti ndakhululuka. Ndikuyesa. M'mawa ndimati ndakhululuka, masana ndikamuona akudutsa kumsika mtima umawiranso ngati poyamba. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndimamusowa. Ndikamva nkhani yoseketsa ndimafuna kumuuza iye, kenaka ndimakumbukira. Pamenepo mundipempherere, bala lake likadali laliwisi.

Koma pali mawu ena amene ndiyenera kunena, ndipo ndinena mwachikondi. Liwu lija la kumsika linafika muno ine ndisanafike. Lamulungu loyamba lija nditalowa, ndinakhala pa benchi yanga ya masiku onse, yachitatu kuchokera kutsogolo. Amayi amene timakhala limodzi anasuntha. Wina ananyamula mwana wake kupita naye kumbuyo. Nthawi yopatsana moni manja anandidutsa. Benchi yonse ndinakhalapo ndekha, ine ndi kachikwama kanga. Musaweramitse mitu, sinditchula munthu. Munachita mantha, ndikudziwa, mwina nanenso ndikanatero. Koma kumsika anandinena anthu osandidziwa. Muno mumandidziwa.

N'chifukwa chake ndaima pano lero. Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwetsa maondo pansi kuti ndione pamene lumo linadutsa. Ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa pa munthu wa ku Mzuzu woti sandidziwa. Ndikuthokoza Mulungu kuti ana ndi adzukulu a ku Engutwini onse ali moyo, ali bwino, palibe ndi mmodzi yemwe wadwala. Foni yanga tsopano ikulira, anthu akulowa pakhomo n'kufunsa kuti NyaMwale ndi uti. Dzina langa linakwiriridwa zaka ziwiri, linapakidwa matope tsiku limodzi, koma Yehova walitola, walitsuka, wandibwezera m'manja. Aleluya!

Tsopano ndikupempha chinthu chimodzi. Musandiombere m'manja muli patali. Amayi anzanga a benchi yachitatu, imirirani, bwerani kuno kutsogolo. Bwerani ndi ana omwe. Ndigwireni dzanja ili, ndi dzanja la munthu, ndi lomwe lija munkaligwira kale. Bwerani, musachite manyazi, ine ndatambasula kale. Mpingo wonse imirirani, akulu yambitsani nyimbo, amayi nthungululu zimveke mpaka kumsika. Kondwerani nane, pakuti amene ananenedwa uja waima pakati panu, ndipo Mulungu wamuyankhira. Amen.